Tsiku Limene Malume Analoza Mng'ono Wanga

1

Chinkhoswe changa chinatha nkhuku ya ankhoswe isanadyedwe. Anthu ena onse anadya ndithu, chifukwa kwathu kuno ukwati ukhoza kufa koma mpunga sutayidwa.

Dzina langa ndine Malita. Kwathu ndi mudzi wina kumunsi kwa Mua. Ndili ndi digiri ya zaulimi, ndipo ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera cha ku Golomoti, komwe ana amandifunsa chaka chilichonse chifukwa chake ndilibe munda.

Mayi anga atamwalira, bambo anabwerera kwawo monga amachitira akamwini, ine n'kutsala m'manja mwa malume anga, a Fabiano. Anali mphunzitsi wopuma, mkulu wa mphakati wa kutchalitchi kwathu, komanso nkhoswe ya maukwati ambiri m'dera lathu. Sankalankhula kawirikawiri. Akanena kuti kubwera mvula, amayi ankaanula ufa ngakhale kumwamba kuli mbee.

Ndili ku koleji, malume anadwala khansa ya kuseri kwa mphuno. Inayamba ngati chimfine chosatha ndi kamfuno, kenako chotupa m'khosi. Masiku amenewo makina owotchera khansa, aja amati a radiyeshoni, kunalibe m'dziko muno, ndiye anawatumiza ku Zambia. Anabwerako atachira, koma malovu atauma, moti botolo la madzi silinkachoka m'manja mwawo. Makutu nawo analemera.

Patapita zaka zingapo anayamba kuyenda chowerama. Ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kumapazi kwako, kenako n'kuyankha. Kutchalitchi ankati ndiko kudzichepetsa kwa munthu amene anasuzumira m'manda n'kubwerera. Akazi awo, a Nambewe, amene ife timawatchula azakhali, anasiya kuwatalikira. Kumaliro anali limodzi, kumsika limodzi, ndipo munthu akamayandikira azakhali ndiwo ankayamba kufuula: "Ee, a Marko, mwadzuka bwanji?" Amayi a m'mudzi ankasirira. Ankati chikondi cha kuukalamba.

2

Jonasi anali wazaumoyo, aja amayenda m'midzi ndi sikelo ya ana pa njinga yamoto. Anandifunsira pa depoti ya Mtakataka tikudikira kuti minibasi idzaze. Sinadzaze msanga, choncho ndinalibe kothawira. Anali munthu wofatsa, wosunga nthawi, woseka mochedwa anzake atamaliza kale. Ndinamukonda, ndipo ndikulemba zimenezi poyera kuti pasadzakhale wonena kuti sizinandipweteke.

Pachinkhoswe pali kamwambo kamene achinyamata amakakonda kuposa malangizo. Atsikana amabwera mmodzimmodzi atafunda chitenje kuyambira kumutu mpaka m'miyendo, mnyamata n'kumavundukula ndi kunena kuti si ameneyu, mpaka wake weniweni atafika. Akamupeza, nkhoswe ya kuchikazi imagwira dzanja la mtsikanayo n'kulipereka kwa nkhoswe ya kuchimuna. Kenako amasinthana tambala ndi msoti, nkhani n'kutha.

Woyamba kufunda chitenje anayenera kukhala Kadzuwa, mwana wa mayi anga aang'ono. Tinakulira mphasa imodzi. Msinkhu wathu ndi umodzi, phazi limodzi. Kadzuwa ndi telala, ndipo ndi amene anasoka zovala za tsikulo. Jonasi anamukweza pa njinga kangapo kukagula nsalu, ine ndili kusukulu. Ndinamutuma ndine.

M'mawa wa tsikulo tikuvala, azakhali anasuzumira kuchipinda.

"Malita, uvala nsapato ziti?"

"Zofiirazi, azakhali."

"Zofiira. Usasinthetu."

"Ndisinthirenji? Ndinazigula kuti ndizivale."

Atatuluka, Kadzuwa anayang'ana nsapatozo n'kupukusa mutu.

"Asisi, alamu nsapatozi akuzidziwa. Anakuperekezani pokagula. Chitenje sichifika pansi, akangoona zakuda kumapazi kwanga adziwiratu, ndiye masewerowo atha asanayambe."

"Ndiye?"

"Ndiye bweretsani kuno. Atuluke thukuta pang'ono, asakutengeni ngati akutola mango."

Ndinaseka, n'kuvula. Iye anavala zofiira, ine zake zakuda.

3

Amuna anakhala pamipando m'chisakasa, amayi pamphasa cha kumbali, monga mwa masiku onse. Azakhali anali kutali, pakati pa amayi. Mnyamata wa zoimbira anali atakweza nyimbo mpaka mbale zinkanjenjemera patebulo. Ine ndinaima pakhomo la nyumba, nditafunda chitenje changa, ndikusuzumira pakampata.

Kadzuwa anatuluka akuvina pang'onopang'ono, amayi akululutira. Jonasi anayang'ana nsapato zija, anamwetulira, n'kuvundukula chitenje. Ataona nkhope anabwerera m'mbuyo.

"Aa, ayi! Uyu ndi mlamu wanga. Bwererani naye, mwatenga katundu wa eni."

Anthu anafa nacho chiseko. Kenako malume anaimirira. Anayenda mpaka pamene panali Kadzuwa, anamugwira dzanja, n'kutembenukira kwa a Zakariya, malume ake a Jonasi, amene amagulitsa nsomba zouma pa Mtakataka. Woyendetsa mwambo anathamanga n'kuwaikira maikolofoni kukamwa, wa zoimbira n'kuzimitsa nyimbo.

"A Zakariya, mwana wathu ndi ameneyu. Mulandireni."

Anthu anasekanso, koma pang'ono. Malume sankadziwika ndi nthabwala.

"Malume," anatero Jonasi chapansipansi, "uyutu ndi Kadzuwa."

Malume anapendeketsa khutu. Chimene anaona n'chakuti mnyamatayo wabisa manja kumbuyo.

"Mnyamata iwe," anatero, mawu awo akumveka mpaka kumsewu, "wakhala ukuzungulira pakhomo panga chifukwa cha mwana ameneyu. Tonse tikudziwa. Lero ukufuna kumukana pamaso pa anthu?"

Ndinamva tambala wa a Zakariya akudzikuntha m'dengu. Kenako kumphasa kunachokera mawu a mayi wina amene mpaka lero sanadziwike: "Tinkanena ife za njinga ija."

Ndinataya chitenje n'kutuluka. Ndinaima patsogolo pa malume, nkhope yanga ili poyera, yopakidwa bwinobwino. Anandiyang'ana kuyambira pansi.

"Mtsikana iwe, kakhale pansi. Za pano si zako."

Kadzuwa anangoima, pakamwa pali yasa, mawu osatuluka. Ine ndinaona ngati ndiko kuvomera. Ndinamumenya khofi limene linalowa mu maikolofoni n'kutulukira m'masipika onse awiri.

Azakhali anafika akuthamanga n'kuwakokera malume m'nyumba. A Zakariya ananyamula dengu lawo mwaulemu.

"Tambalayu tibwerera naye," anatero. "Akayambe waganiza bwino."

4

Mawa lake ndinapita kwa malume. Anali pakhonde ndi botolo lawo. Azakhali ankasesa malo amodzimodzi omwewo.

"Ndi Malita uyu, wabwera," anatero azakhali, osadzutsa mutu.

"Malume, munaona chiyani? Anakuuzani ndani?"

Anamwa madzi. Anatseka botolo.

"Ndanena zimene ndanena."

Kwa ine zinakwana. Munthu amene anandilera, amene sindinamumvepo akunama ngakhale kwa wokhometsa msonkho wa pamsika, anali atalankhula.

Jonasi anandilondola kusukulu. Anaimika njinga pansi pa mtengo n'kudikira mpaka belu litalira.

"Malita, ndikulumbira pali Mulungu, palibe chimene ndikudziwa."

"Malume sananamepo."

"Ndiye wonamayo ndine?"

"Pa anthu awiri, mmodzi ndamudziwa kuyambira ndili wosavala."

"Tiye tonse tikawafunse. Anene tsiku, anene malo."

"Ndikawafunse kawiri ngati ndili kukhoti?"

"Nanga Kadzuwa wamufunsa?"

"Ndilibe naye mawu."

Ndinavula mphete n'kuiika pa chishalo cha njinga. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiponya m'thumba la sikelo n'kuliza njinga. Anabweranso maulendo ena, koma ine ndinkatuma mwana wasukulu kukanena kuti amadamu ali pamsonkhano.

Kadzuwa zinamuvuta kuposa tonse. Amayi anachotsa nsalu zawo pamakina ake, zina zitadulidwa kale. Kumjigo ankamuyang'ana pamimba asanamupatse moni. Miyezi itadutsa mimba osaoneka, sanati tinalakwitsa. Anati wachotsa. Kwa Jonasi nako, amayi ena anasiya kupita ndi ana kusikelo tsiku limene akudziwa kuti kuli iye, ndipo amuna awo ndi amene anawaletsa.

Ine ndinakhala phee m'nyumba ya aphunzitsi ku Golomoti. Kumudzi ndinasiya kupita. Anthu ankandimvera chisoni, ndipo ndisaname, chisoni cha anthu chimazolowereka ngati tiyi wa shuga wambiri.

5

Dzinja lotsatira ndinamva kuti azakhali agonekedwa kuchipatala ndi malungo, malume atsala okha pakhomo. Ndinanyamuka ndikuchokera kumunda wa sukulu, majombo ali kuphazi chifukwa cha matope.

Ndinawapeza pakhonde pomwe paja. Anayang'ana majombo aja, n'kuimirira ndi ulemu wonse.

"Takulandirani, mayi. Khalani pampandopa. Mwachokera ku ofesi ya zaulimi?"

Ndinaganiza kuti akundinyoza chifukwa chosowa nthawi yaitali. Ndinakhala pansi.

"Mayi a kunyumba kuno adwala, mukanamwa kathobwa," anapitiriza. "Inenso ndili ndi mwana wa mlongo wanga amene anaphunzira zomwezi. Malita. Mwina mumamudziwa, ali ku Golomoti. Mutu wake ndi wakuthwa. Masiku ano sabwera."

"Chifukwa chiyani sabwera?" Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Mwati?"

Ndinasendera kufupi ndi khutu lawo. "Malume, ndine."

Anandiyang'ana kumaso. Anayang'anitsitsa ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani cha chilankhulo chachilendo. Kenako maso anatsikiranso kumajombo.

"Lankhulanso."

"Ndine Malita, malume."

Anakhala pansi pang'onopang'ono. Botolo linagubuduka, sanalitole.

"Maso anga ali bwino," anatero. "Ulusi ndimalowetsa ndekha pa singano. Nkhope yako ndikuiona, maso alipo, mphuno ilipo, pakamwa palipo. Koma sikundiuza kuti ndiwe yani. Nkhope zonse zili ngati mazira m'lichero."

"Kuyambira liti?"

"Zaka zitatu, kapena kupitirira. Zinayamba ndi ana a sukulu akale, ndinkati ndi ukalamba. Tsiku lina ndinapatsa moni azakhali ako pamsika ngati mlendo. Mawu akanandithandiza, koma makutuwa ukuwadziwa. Ndiye ndinaphunzira mapazi. Munthu wa kuno amasintha malaya, koma nsapato amakhala nazo zomwezo mpaka zithe. A Marko ndi nsapato za matayala zija. Abambo mfumu ndi masandasi a bulauni."

Ndinayang'ana majombo anga.

"Ndipo ine?"

"Azakhali ako anati zofiira."

Nkhuku inadutsa pabwalo ndi anapiye ake. Ndinaiyang'ana mpaka inakhota kuseri kwa nkhokwe.

"Munadziwa liti kuti mwalakwitsa?"

"Atangondilowetsa m'nyumba."

"Mawa lake ndinabwera pakhonde pano. Ndinakufunsani."

"Unandifunsa."

"Ndiye?"

"Ndikanati chiyani, mwana wa mlongo wanga? Kuti nkhoswe siidziwa mwana amene inamulera? Akanati a Fabiano apenga. Akwawo kwa mnyamata uja akanati misala ili kumtundu, n'kukusiya ndithu. Maukwati onse amene ndinamanga akanayamba kufunsa ngati ndinapereka mkazi woyenera. Ndinati ndidikire fumbi litsike, ndikonza mwakachetechete. Fumbi silinatsike. Tsiku lililonse lodikira linkakulitsa bodza, mpaka linakula kuposa pakamwa panga."

"Ndiye munasankha kuti Kadzuwa akhale hule."

Anafufuza botolo ndi dzanja. Ndinawatolera. Anamwa.

6

Azakhali atatuluka m'chipatala sanakane chilichonse.

"Anandilumbiritsa," anatero. "Ndipo iwe ndinakuuza kuti usasinthe."

"Simunandiuze chifukwa."

"Mwana wa masiku ano, chilichonse mpaka chifukwa."

Tinapita ndi malume ku Lilongwe kukawajambulitsa mutu. Dokotala anali mayi wachikulire wosakonda kuzungulira. Anatilozera timadontho totuwa pachithunzi, cha m'munsi mwa ubongo, kufupi ndi makutu.

"Chotupa chija chinali apa, kuseri kwa mphuno," anatero. "Ubongo uli pamwamba pake pomwepa. Kuwala kwa makina kumalunjika chotupa, koma nthawi zina kumakhudzako zoyandikana nazo. Bala lake silionekera pomwepo. Likhoza kudikira zaka. Ena amayamba kuiwala, ena kukomoka, ena khalidwe limasintha. A bambowa lakhudza mbali imene imazindikira nkhope."

"Ndiye makinawo anawapweteka," anatero azakhali.

"Makinawo anawapulumutsa, mayi. Popanda iwo bwenzi pano mukukamba za chiliza. Izi sizigwera aliyense, n'chifukwa chake timati wochira azibwerabe kudzaonedwa. Sanakuuzeni?"

"Anatiuza. Koma Zambia si kuseri kwa nyumba, ndipo munthu anali atachira."

Anatipatsa mankhwala ochepetsa kutupa. Anati mutu ukhoza kupepukako, koma za nkhope tisayembekezere zambiri.

Mu minibasi pobwerera, titatsika mapiri a Golomoti, malume anati, "Lamulungu ndikalankhula kumphakati."

Analankhuladi. Anaima pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa kulemba, n'kunena kuti, "Abale anga, ndakhala ndikukunamizani. Sindikudziwani. Ndimadziwa nsapato zanu." Anafotokoza zonse, natchula Kadzuwa ndi Jonasi kuti ndi osalakwa. Ndinaona a Marko akubisa mapazi pansi pa benchi.

7

Lolemba ndinapempha tchuthi. Ndinatenga nsapato zofiira zija, zimene Kadzuwa anazisiya pakhomo tsiku la chinkhoswe, ndinazipukuta, n'kuzivala. Mu minibasi ya ku Mtakataka ndinkayeseza mawu opepesa. Anali mawu abwino, a munthu wophunzira.

Pakhonde la nyumba imene Jonasi ankachita lendi panali makina osokera. Ndinawadziwa. Chopondera chake ndinachithyolapo ndili mwana.

Kadzuwa anatuluka ndi beseni. Sindinafune kuyang'ana pamimba pake ngati amayi a kumjigo, koma panalibe poyang'ana pena.

"Asisi," anatero.

"Kadzuwa."

Jonasi anatuluka pambuyo pake. Anayang'ana nsapato zanga, kenako kumbali.

"Za a malume tamva," anatero. "Pepani. Ndimagwira ntchito ya zaumoyo, ndinayenera kuzindikira."

"Ndiye anthu aja sananame," ndinatero.

"Ananama. Tsiku lija panalibe chilichonse, Malita. Ngakhale m'maganizo. Koma m'dera lonse lino tinatsala anthu awiri okha odziwa kuti sitinalakwe. Ndinkapita kukamuona ngati wadya. Iye ankandifunsa ngati mwandiyankha. Munthu umafuna wina woti ukamalankhula asamakuyang'ane ngati wakuba."

"Zinayamba liti?"

"Mvula yoyamba itagwa. Ndinali nditabwera kusukulu kwanu komaliza, mwana uja n'kundiuza kuti muli pamsonkhano. Linali Loweruka."

Mawu anga a mu minibasi aja analibenso ntchito. Ndinatembenukira kwa Kadzuwa.

"Khofi lija, mng'ono wanga. Ndinalakwa."

Anaika beseni pansi.

"Khofi linasiya kuwawa tsiku lomwelo, asisi. Chimene sichinasiye n'choti simunandifunse. Tinagona mphasa imodzi zaka zonse zija. Mukanangoti, Kadzuwa, n'zoona? Nsapato zija munandipatsa ndi manja anu."

Anandipatsa mpando. Anandiphikira tiyi. Ndinamwa, chifukwa kukana kukanakhala kuyambanso mlandu wina.

Mimba ya Kadzuwa itadziwika, mudzi unapumira m'mwamba. Za ubongo zija anati n'zongophimba, zopeka ife ophunzira. Mpaka lero mukafunsa kwathu adzakuuzani kuti a Fabiano amaona patali, anaona mimba chaka chathunthu isanabwere.

8

A Zakariya anabweranso ndi tambala wina. Woyamba uja anati anamudya pa Khirisimasi, atalephera kuganiza.

Kadzuwa alibe malume ena, choncho nkhoswe inali yomweyo. Malume anavomera, koma anati pali chimodzi: ine ndikhale pambali pawo. Azakhali anali atatopa, ndipo mawu awo safikanso m'khutu la malume pakakhala phokoso. Akuluakulu anang'ung'udza kuti mkazi sakhala m'chisakasa cha amuna. Malume anati ndiye apeze nkhoswe ina. Anandiikira mpando.

Ndinavala zofiira, kuti akatembenuka adziwe amene ali naye.

Mtsikana woyamba anabwera, Jonasi anamukana, anthu anaseka mosamala. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chitenje chinali chitakwera kutsogolo, moti ngakhale mwana akanadziwa. Jonasi anavundukula. Amayi analuluta.

Malume sanayang'ane pansi. Anaweramira kwa ine.

"Ndi iyeyo?"

Ndinayang'ana Jonasi, amene anali atavala jekete lomwe lija. Ndinayang'ana mng'ono wanga. Ndinasendeza pakamwa kukhutu kwa malume kuti amve bwino.

"Ndi iyeyo, malume. Kamuperekeni."

9

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti muope makina. Malume ali moyo chifukwa cha iwo, ndipo mwana wa Kadzuwa amamunyamula, ngakhale amamudziwira ku timasokosi. Koma ngati muli ndi m'bale amene anawotchedwapo khansa ya m'mutu kapena m'khosi, musatseke nkhani tsiku limene wabwera kunyumba. Akayamba kuiwala, kusintha, kapena kuchita zachilendo, ngakhale patapita zaka, musathamangire kunena kuti ndi ukalamba, ufiti, kapena kudzichepetsa. Pitani naye akamuone.

Zinazo ndi zanga. Ndinakhulupirira munthu mmodzi kwambiri moti sindinafunse anthu awiri funso limodzi. Digiri ndinali nayo kale nthawi imeneyo.

Kumudzi ndimapita Loweruka lililonse. Nsapato zija zinatha chidendene, wosoka nsapato wa pa Mua wazikonza mpaka wayamba kundiseka. Akuti ndigule zina. Ndimamuuza kuti asoke basi. Ndikangolowa pachipata, malume amayang'ana pansi, n'kumwetulira ndisanalankhule.